Tsamba Limene Mlonda Anapichira Fodya

Amene munaphunzira pa kasekondale koyendera kaja kali kumunsi kwa njanji, pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, simungawaiwale a Alufeyo Kamzimbi ngakhale mutafuna. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wa khosi lalitali, ndipo ankamanga tayi ngakhale mu Okutobala, pamene dzuwa la kuchigwa kuno limawotcha mpaka mbuzi kukana kutuluka pansi pa nkhokwe. Ankaphunzitsa mbiri ya dziko lapansi, imene ana ankangoti Hisitole. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi nkhondo zonse za azungu zinkalowa m'mitu ya ana a kuno kudzera pakamwa pawo pokha, ndipo eniakewo ankazidziwa bwino zimenezo.

Anabadwira m'mudzi wina pafupi ndi Mua, mwana wa mlimi wa thonje. Uphunzitsi umene anaphunzira unali wa pulayimale, koma mu 1993 anawakankhira ku sekondale chifukwa panalibenso wina wodziwa Chingerezi kuposa iwo. Atafika anapeza ana makumi asanu ndi limodzi, bolodi long'aluka, choko theka la bokosi, koma buku la Hisitole ngakhale limodzi ayi. Wina akanangokhala pansi n'kumadikira boma. Iwo anayenda wapansi mpaka ku siteshoni ya sitima kumene kunali kalaliki wina mnzawo, amene anali ndi buku lakale la mbiri ya mayiko. Kalalikiyo anawabwereka kwa sabata imodzi yokha. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, masiku asanu ndi awiri, kukopera bukulo liwu ndi liwu mu kope lalikulu la chikuto chakuda. Chala chawo chapakati chinatupa, ndipo chipsera chake ankachionetsa kwa ana ngati mendulo.

Zimene sanadziwe ndi izi. Bukulo linkagona pa shelefu ya mu ofesi ya siteshoni, ndipo mlonda wa pamenepo, fodya akamuvuta, ankang'ambamo tsamba n'kupichira chingambwe. Ankakonda kung'amba chakumapeto, kumene kunali mndandanda wa mayina, koma tsiku lina dzanja linalowa pakati. Ngodya za masamba zinali zitadyedwa ndi mphemvu, manambala osaoneka. Ndiye a Kamzimbi atafika pa nkhani ya bungwe la League of Nations, kapena kuti Ligi, limene mayiko anapanga itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anakopera kumunsi kwa tsamba mawu akuti pulezidenti wa Amereka ndiye anabweretsa ganizo la bungweli, ndipo dziko lake. Atatembenuza anapeza mawu akuti linalowa m'bungweli n'kupatsidwa mpando wokhazikika. Zinalumikizana bwinobwino, osakhumudwa paliponse. Koma pakati pamenepo panasowa tsamba lathunthu lofotokoza kuti Amereka inakana kulowa, ndipo dziko limene linapatsidwa mpandolo pambuyo pake linali Jeremani.

Kope limenelo linasanduka moyo wawo. Kunyumba linkakhala mu jumbo, jumboyo mu sutikesi, sutikesiyo pamwamba pa kabati. Akazi awo a Gladys, amene iwo ankawatchula kuti a Nangozo, sanaloledwe kulikhudza ngakhale popukuta fumbi. M'kalasi kaphunzitsidwe kanali kamodzi. Iwo ankayenda uku ndi uku kutchula manotsi, ana mitu pansi kulemba, ndipo wosiya kadontho ankaona zakuda. Mabuku a boma atabwera patapita zaka, asanu okha, anatsegula limodzi, kununkhiza, n'kunena kuti ndi phala la madzi, ndipo mabukuwo anakatsekeredwa mu kabati ya a hedi. Mungafunse kuti nanga mayeso a boma sanaulule? Aulula bwanji? Pepala la mayeso likapita silibwerera. Mwana akalakwa, aliyense amati anali waulesi.

Si kuti anali mphunzitsi wachabe, ayi, tisawanamizire. Akayamba kufotokoza za asilikali ogona m'maenje a matope, ngakhale anyamata a kumbuyo ankasiya phokoso. Ana awo ambiri anakhoza, ena ndi anamwino, ena apolisi. Koma mtima wawo unali wouma ngati chikuto cha kope lawolo. Mwana wofunsa funso ankamuona ngati wakuba wolowera pawindo.

Mu 2003 mu Fomu 3 munali mtsikana wina dzina lake Dorica, wamng'ono thupi, wa maso akuthwa, amene ankatsogola pa phunziro lililonse. Pa tchuthi anakacheza kwa msuweni wake wophunzira sukulu yogonera ku Dedza, ndipo kumeneko anawerenga buku lathunthu, losang'ambika. Tsiku limene a Kamzimbi anafika pa nkhani ya Ligi, iye anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani. Buku limene ndinawerenga likuti Amereka sinalowe nawo."

A Kamzimbi anatseka kope pang'onopang'ono, n'kuvula magalasi.

"Bwerezanso, mayi pulofesa."

Mwanayo, mwa kupusa kwa anthu odziwa zoona, anabwerezadi.

Anamutumiza kukatenga khasu. Chilango cha masiku amenewo munkachidziwa: dzenje la zinyalala, kuya kwake kufanana ndi msinkhu wa wolakwayo. Unali mwezi wa Okutobala, dothi la kuseri kwa makalasi litauma gwa ngati njerwa yootcha. Dorica anakumba masiku anayi. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, mpini wa khasu unafiira. A Kamzimbi ankabwera pa nthawi yopuma, kuima m'mphepete atagwira manja kumbuyo, n'kumufunsa ngati wayipeza Amereka pansipo. Tsiku lachisanu anamuimika pa asembule, pamaso pa sukulu yonse, kuti anene katatu mokweza kuti, "Ine Dorica ndine mbuli, Amereka inali mu Ligi." Ananena, misozi ikutsika mpaka m'khosi. Ana anaseka mpaka ena kugwa pansi, ndipo pomwepo anamupatsa dzina lakuti Naamereka.

Patatha sabata ziwiri mtsikanayo sanabwerenso. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi munthu wa kabaza, amene pambuyo pake anamusiya ndi ana atatu. Anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Golomoti, ndipo dzina lija linamutsatira mpaka kumeneko. Ambiri omutchula Naamereka sankadziwa n'komwe kumene linachokera, ankayesa ndi mfunda. A Kamzimbi nkhaniyi ankaikamba chaka ndi chaka kwa Fomu 3 yatsopano, monyadira, ngati chenjezo kwa ana odzimva.

Zaka zinapita, tsitsi linayera, tayi inasuluka. Chaka chawo chomaliza asanapume pa ntchito, bungwe lina linabweretsa pa sukulupo matabuleti makumi atatu, masola padenga, ndi intaneti. Linabweranso ndi mphunzitsi wachinyamata wa digiri, Austin, wa nsapato zosongoka ndi mawu ofewa ngati wogulitsa mankhwala mu minibasi. Iyeyu anaonetsa ana kumene angapeze mapu akale, zithunzi za nkhondo, makalata a mapangano a mayiko, ndi mabuku athunthu ojambulidwa tsamba ndi tsamba, zonse zaulere. Ana amene anali asanaonepo nkhope ya msilikali wa nkhondo yoyamba anayamba kumuona akuyenda pa galasi. A Kamzimbi zinawanyansa. Ankati ndi zidole, ndipo mwana wolowa ndi tabuleti m'kalasi mwawo ankamubweza pakhomo.

Koma Austin anali wochenjera. Tsiku lina mu ofesi ya aphunzitsi anawayandikira akupukuta magalasi.

"Achikulire, manotsi anuwa mukapuma apita kuti?"

"Apita kumene ndipite ine."

"Ndiye kutaya chuma kumeneko. Pali tsamba la pa intaneti limene aphunzitsi amaikapo manotsi awo. Tikawataipa n'kuwaika pamenepo, mwana wa ku Nsanje, wa ku Chitipa, ngakhale wa kunja, akangolemba dzina lanu, awapeza. Pamwamba padzakhala chithunzi chanu ndi dzina lanu, Alufeyo Kamzimbi. Sizifufutika zimenezo."

Sizifufutika. Mawu amenewo anawalowa ngati munga. Munthuyu analibe nyumba ya malata yakeyake, analibe ng'ombe, ana ake anabalalika m'matauni osamuimbira foni. Chimene anali nacho pa dziko lino chinali kope lija basi, ndipo nthawi zambiri ankadzifunsa kuti akadzafa lidzathera m'manja mwa ndani. Tsopano wina akuwauza kuti dzina lawo likhala kosatha, pamalo pamene chiswe sichifika. Anavomera tsiku lomwelo. Loweruka anapalasa njinga kupita ku Golomoti, anagula tayi yofiira pa kaunjika, n'kukajambulitsa atanyamula kope pachifuwa. Pobwerera anauza a Nangozo kuti akonzeke kukhala mkazi wa munthu wodziwika.

"Bola kudziwikako kubwere ndi sopo, abambo a Pempho," anayankha a Nangozo akupeta mpunga.

Kope silinachoke m'manja mwawo. Austin analijambula tsamba ndi tsamba iwo ataima pompo, kenako anagawira ana a Fomu 4 kuti ataipe. Anawauzanso kuti chaka chilichonse ndi dzina lililonse azilitsimikiza pa intaneti. Izi a Kamzimbi anazimva ndipo anaseka, amvekere, atsimikize, mwina intanetiyo iphunzirapo kanthu.

M'kalasimo munali mtsikana wina wachete, wokhala pafupi ndi windo, dzina lake Triza. A Kamzimbi ankamudziwa ngati mwana wolemba bwino, wosavuta. Za kwawo sanafunsepo, chifukwa iwo makolo a ana sankawawerengera. Triza anali mwana woyamba wa Dorica. Anakula akumva amayi ake akuitanidwa Naamereka ndi oledzera, ndi okondakita, ndi ana anzake, ndipo nkhani ya dzenje anaimva kwa agogo ake ali ndi zaka khumi. Pogawana masamba, iye anapempha yekha tsamba la Ligi. Anafufuza malo atatu, anayi, asanu, ndipo onse ankanena chimodzimodzi. Anakamuonetsa Austin.

Apa ndi pamene munthu wa umunthu akanawatengera mkuluyo pambali, kuseri kwa ofesi, n'kuwanong'oneza kuti madala, apa pali vuto, tikonze mwakachetechete. Austin sanatero. Anali atatopa kutchedwa mwana wa zidole pamaso pa aphunzitsi anzake. Anangomwetulira n'kumuuza mtsikanayo kuti funso labwino chotero lisawonongeke, alisunge mpaka tsiku la alendo.

Tsikulo linali Lachisanu. Kunabwera aphunzitsi a masukulu oyandikana nawo, a komiti ya makolo, ndi anthu awiri a bungwe lija. A Nangozo nawonso anabwera atavala chitenje chatsopano, n'kukhala kumbuyo. Anatsegula chotchinga pakati pa makalasi awiri kuti anthu akwane. Austin anaika makina oonetsera zithunzi pakhoma, ndipo chithunzi choyamba chinali cha a Kamzimbi ndi tayi yawo yofiira, chachikulu ngati chitseko. Anthu anawomba m'manja. A hedi anati asanaike manotsiwo pa intaneti, mwini wake aphunzitse phunziro limodzi kuti alendo alawe. Ndipo mwa mitu yonse ya mu kope lija, mkuluyo anasankha yekha mutu wa Ligi, chifukwa ndi umene ankautha pamtima.

Anaphunzitsa bwino, zoona. Mawu ankatuluka ngati akuwerenga m'tchalitchi, dzanja likudula mphepo. Atafika ponena kuti Amereka inakhala pa mpando wa patsogolo m'bungwelo, dzanja linakwera pafupi ndi windo.

"Aphunzitsi, pepani. Amereka sinalowe nawo mu Ligi."

Anamuyang'ana. Zaka makumi awiri ndi chimodzi zinali zitapita, koma thupi lawo linachita zomwezo losauzidwa. Anatseka kope, anavula magalasi.

"Wazitenga kuti zimenezo?"

"Pa intaneti, aphunzitsi. Malo asanu."

"Pa intaneti! Pamene aliyense woledzera amalembapo zake? Ine ndaphunzitsa zimenezi iwe usanabadwe, amayi ako asanadziwe n'komwe kusamba okha!"

Anthu ena anaseka pang'ono. Triza sanakhale pansi. Ananena kuti pali mndandanda wa mayiko onse amene analowa, ndipo Amereka palibe. Apa mkuluyo magazi anakwera kumutu. Anaiwala alendo, anaiwala kuti chilango chimenecho chinaletsedwa kalekale, anaiwala kuti kumbuyo kuli mafoni khumi oloza kwa iwo.

"Tuluka! Tenga khasu! Ukakumbe dzenje lofika m'khosi mwako, mwina ukaipeza nzeru pansipo. Analipo wina wamwano ngati iwe, lero akugulitsa tomato!"

Austin anaimirira mwaulemu wake wonyenga uja, manja atapinda.

"Achikulire, musavutike. Buku limene munakopera lija mukulikumbuka dzina?"

Akanalephera bwanji kulikumbuka? Anatchula dzina lake ndi la mlembi wake mokweza, ngati akutchula mfunda wawo. Austin anagogoda pa tabuleti kanthawi, ndipo pakhoma panaoneka chikuto cha buku lomwelo, lojambulidwa ku nyumba ina ya mabuku kutsidya kwa nyanja. A Kamzimbi mtima unadumpha ndi chimwemwe, ngati aona m'bale wotayika.

"Ndi limeneli! Lomweli! Tsegula pa Ligi, mwana uyu achite manyazi pamaso pa makolo."

Anawatsegulira. Iwo anayandikira khoma, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mizere. Mawu anali omwewo a mu kope lawo, liwu ndi liwu, ndipo ankatembenukira kwa anthu pa mzere uliwonse kuti aone. Anafika kumunsi, pa mawu akuti ndipo dziko lake.

"Tembenuza!" analamula.

Tsamba limene linabwera anali asanalionepo chibadwire. Pakamwa panali patayamba kale kuwerenga, ndipo panapitiriza pokha mizere iwiri, mpaka iwo eni anadzimva akunena kuti dziko lake linakana kulowa m'bungwelo. Anayang'ana mu kope, anayang'ana pakhoma, anayang'ananso mu kope. Austin anatembenuzanso osauzidwa, ndipo tsamba lachitatu linayamba ndi mawu awo aja a mpando wokhazikika, koma pamwamba pake, kumapeto kwa tsamba losowalo, panali dzina la Jeremani.

Munthu mmodzi kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika. Kenako chipinda chonse chinagwa nacho chiseko, ana akumenya madesiki, aphunzitsi achilendo akubisa nkhope m'mipango. Triza yekha sanaseke. Anadikira phokoso litsike, n'kunena ndi mawu osakweza.

"Dzenjelo amayi anga anakumba kale, aphunzitsi. Wa tomatoyo ndi mayi anga."

A Nangozo anatuluka mwakachetechete, chitenje chatsopano chitaphimba kumutu.

Lolemba lisanafike, kanema wojambulidwa pa mafoni aja anali atazungulira magulu onse a pafoni, a aphunzitsi, a ana akale a sukuluyo, ngakhale a kwaya. Wina anadula pamene akukuwa kuti tenga khasu n'kuikapo ng'oma, anyamata a kabaza n'kumavina. Ophunzira akale a mkuluyo, ena a imvi kale, anayamba kulemba pansi pake. Wina anati funso la Ligi linabwera chaka chake ndipo analemba masamba awiri athunthu a bodza. Wina anati n'kutheka ndi chimene anaperewera pang'ono kupita ku koleji. Kaya zinali zoona kaya ayi, aliyense amene moyo unamukanika anapeza pokolowekapo. Za anamwino ndi apolisi aja palibe anazikumbuka. Austin anauza a Kamzimbi mofatsa kuti manotsiwo ayamba aunikidwa kaye, ndipo onse awiri anadziwa tanthauzo lake. A hedi anawapempha kuti miyezi yotsalayo azingoyang'anira munda wa sukulu, Fomu 4 aisiyire achinyamata.

Kunyumba a Kamzimbi ankakhala pakhonde tsiku lonse la Sabata, kope lili pamiyendo, osalitsegula. Chimene chinkawadya kwambiri si chiseko ayi. Ankaganiza kuti ngati tsamba limodzi linasowa iwo osadziwa, nanga ena angati? Mitu yonse imene ankainyadira inayamba kuwaoneka ngati denga la udzu lodontha pamalo osadziwika. Ndipo nkhope ya kamtsikana kali m'dzenje, dothi lili m'tsitsi, imene kwa zaka zonsezi inali nkhani yoseketsa Fomu 3, tsopano inkawabwerera ngakhale akudya.

"Pitani mukamuone mwana wa eni ake uja," anatero a Nangozo tsiku lina. "Mwina mungagone tulo."

Anapita pa tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Tayi anaisiya. Anakankha njinga pakati pa milu ya kaunjika ndi madengu a usipa, ndipo ankamva anthu akunong'onezana kumbuyo kwawo. Anamupeza Dorica chakumapeto, pafupi ndi msewu, atakhala pa chidebe, tomato ataunjika pa thumba. Anali atanenepa pang'ono, nkhope itapsa ndi dzuwa, koma maso anali omwe aja. Atawaona anatsika pa chidebe, n'kugwada bwinobwino monga mwana woleredwa.

"Takulandirani, aphunzitsi. Tomato wa bwanji?"

"Sindinabwerere tomato, Dorica."

"Ndiye mwasochera. Kuno timagulitsa tomato, munanena nokha."

Amayi a m'mbali anasiya kuitanira malonda. A Kamzimbi anakonza kukhosi. Mawu amene anawakonzekera njira yonse anabalalika, ndipo chimene chinatuluka chinali cha mphunzitsi basi.

"Nkhani ija yaoneka kuti buku linali ndi vuto. Munasowa tsamba. Ine ndinakopera zimene ndinapeza."

"Ndamva, aphunzitsi. Koma buku silinandipatse khasu."

Ntchentche inatera pa dzanja la a Kamzimbi, osaiingitsa.

"Unali mwana wanzeru," anatero potsiriza. "Sizinachedwe. Anthu amalemba mayeso ali akuluakulu. Ndikupuma posachedwa, nthawi ndikhala nayo. Ndikhoza kumakuphunzitsa mwaulere."

Dorica anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku imvi, kenako anaseka, chiseko chachifupi chopanda chimwemwe.

"Ndi manotsi ati?"

Mayi wa anyezi pambali pake anakuwa kuti mayo ine, n'kumenya m'manja. Anthu anayamba kuunjikana. Dorica anaimirira, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi. Ndinkafuna kukhala loya. Anthu onsewa amanditchula Naamereka, ngakhale kutchalitchi. Simungandibwezere kanthu, ndipo sindikupemphani kanthu kakakulu. Munandiimika pamaso pa anthu kuti ndinene katatu. Inu nenani kamodzi kokha, pompano, kuti Dorica unakhoza, mbuli ndinali ine."

Kamodzi kokha. Mawu asanu okha, oti mwana wa Sitandade 1 akhoza kunena. A Kamzimbi anatsegula pakamwa, ndipo ankafunadi kunena, Mulungu ndi mboni. Koma anaona okondakita ataima, anaona ana awo akale awiri pakati pa gululo, anaona mafoni akukwera m'mwamba kachiwiri. Khosi lija limene linauma zaka makumi atatu linakana kupindika.

"Pagulu pano si malo ake," ananong'ona. "Ndidzabwera kunyumba."

"Asembule inali malo ake?"

A Kamzimbi anagwira mahandulo a njinga kuti atembenuke, koma Dorica anali asanathe. Anapisa dzanja m'kachikwama ka m'chiuno, n'kutulutsa foni ya galasi losweka.

"Dikirani, aphunzitsi, musapite chimanjamanja. Triza akuti munkafunitsitsa dzina lanu likhale pa intaneti, kuti wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa akangolilemba akupezeni. Mwina simunayesebe. Onani."

Analemba pang'onopang'ono ndi chala chokhakhala, akutchula mokweza, Alufeyo Kamzimbi, ndipo sanalakwitse ngakhale chilembo chimodzi. Anawatembenuzira foniyo. Panabwera zinthu zambiri, mzere pa mzere mpaka pansi, ndipo zonse zinali kanema mmodzi yemweyo. Pamwamba pa chilichonse panali chithunzi chawo cha tayi yofiira, atakumbatira kope pachifuwa. Dorica anadina choyamba, anakweza mawu mpaka kumapeto, n'kuika foniyo pamwamba pa mulu wa tomato.

"Tenga khasu!" anakuwa mawu awo pakati pa msika. "Analipo wina wamwano ngati iwe, lero akugulitsa tomato!"

"Akuti sizifufutika," anatero Dorica, n'kukhalanso pa chidebe chake.

A Kamzimbi anakankha njinga kulowera ku msewu. Anthu anawapatsa njira, ndipo palibe anawakhudza. Atafika pa tala anayesa kukwera, phazi linaphonya pedulo kawiri, ndiye anangopitiriza wapansi. Kumbuyo kwawo kanemayo atatha anayambiranso yekha, ndipo ankadzimvabe akukuwa mpaka atadutsa pamene pamaima maminibasi.